Alamu anga amene sanalepherepo mayeso

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, sanalepherepo mayeso m'moyo wawo wonse. Izi ankazinena okha, mokweza, atakhala pakhonde la golosale ya pa Chinyunyu, ndipo sankanama. Chiwamalizireni giredi 12 sanalowenso m'chipinda cha mayeso, ndiye akanalephera bwanji?

Giredi 12 anakhoza bwino, pamenepo sindingawanamizire. Kungoti panaperewera pang'ono kuti awatenge ku yunivesite, ndipo wina anawauza kuti kuli mayeso ena olowera, a anthu akuluakulu, amene munthu akakhoza amaloledwa kuphunzira zamalamulo. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatcha ba loya. Pamene ndinkakwatiwa m'banjamo n'kuti dzinalo litamera mizu, moti ngakhale ana awo ukawafunsa kuti atate ali kuti, ankati, "Ba loya ali ku golosale." Anali kukonzekera mayeso. Mwana wanga woyamba anabadwa iwo akukonzekera, anamera mano akukonzekera, mpaka anayamba sukulu iwo akukonzekerabe.

Ankavala tayi tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ankanyamula chikwama chakuda chong'ambika m'mbali, ndipo akafika pakhonde paja ankatulutsa buku lonenepa, n'kulitsegula pakati, n'kuikapo chigongono. Buku lija linkagwira ntchito yotsamirapo basi. Tsiku lonse linkathera kukonza Chingelezi cha anthu odutsa ndi kufotokozera oyendetsa malole mmene boma liyenera kuyendera. Nthawi yonseyo akazi awo, mayi wa Chisoli wa ku Shikabeta, wosalankhula zambiri, anali kumunda ndi khasu.

Chaka chilichonse chinkabwera ndi chifukwa chake. Chaka china anati silabasi yasintha. China anati olemba mafunso ndi akatangale, munthu wanzeru sangadzipereke kwa iwo. China anadwala malungo sabata yeniyeni yolembetsa, n'kuchira tsiku lotsatira chitsekereni kulembetsako. Ndipo anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, chifukwa pa Chinyunyu tayi timaiopa kuposa njoka.

Ineyo ndinalibe tayi. Makolo anga anachokera ku Katete ndili wamng'ono n'kupeza malo kufupi ndi msewu waukulu. Ndinafika giredi 12, ndinalephera masamu ndi sayansi, ndinakwatiwa, n'kuyamba kugulitsa nthochi ndi kandolo, mbatata ija, kwa anthu a m'mabasi. Ndinkaona ngati nkhani ya sukulu inatha. Koma tsiku lina mwana wanga wachiwiri anapsa ndi phala padzanja, ndipo ndinapita naye ku kiliniki ya ku Rufunsa. Nesi amene anamutsuka chilonda anali mayi wa msinkhu wanga. Tikucheza, anandiuza ngati nkhani wamba kuti masamu anawalemba katatu asanakhoze. Katatu, ndipo ankanena zimenezi akumanga bandeji, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Anandifotokozera njira yake: kubwereza maphunziro amene ndinalephera pa mayeso a anthu amene anachoka kale pasukulu, kenako kukalemba mayeso olowera ku koleji ya anamwino.

Ndinabwerera kunyumba mutu uli waukulu. Ndinabwereka mabuku awiri kwa mwana wa achemwali anga, koma sindinauze munthu. Ndinkawabisa pansi pa saka la kandolo. Basi ikadutsa, ndinkasolola buku n'kuwerenga nditaliphimba ndi chitenje, ngati mbala yodya nyama yakuba. Sindinkaopa masamu kwenikweni. Ndinkaopa amayi anzanga asanu amene tinkagulitsa nawo pamzere umodzi, amene kuseka kwawo kumamveka mpaka tsidya la msewu. Ndinkawamva kale m'mutu mwanga: mayi wa ana awiri, zikhadabo zodzaza dothi, ati akufuna kukabaya anthu jekiseni.

Chinsinsicho chinakhala miyezi iwiri yokha. Tsiku lina basi ya ku Chipata inaima, ndinathamanga ndi beseni, ndipo pobwerera ndinapeza alamu ataima pamalo panga, buku langa la masamu lili m'manja mwawo. Ankaligwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi la mwana wa achemwali," ndinatero.

"Mwana wa achemwali anu amalemba ndi dzanja lanu?" Anali atatsegula pamene ndinalemba ndi pensulo. Kenako anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wapeza wodwala matenda amene iye amadzitcha katswiri wake. "Musachite manyazi. Mwachita bwino kugwera m'manja mwanga. Koma mverani, alamu. Mayeso si kandolo woti mukumbe m'mawa n'kugulitsa masana. Munthu amayenera kupsa kaye. Inu mukadali aawisi."

Anadziika okha kukhala mphunzitsi wanga, ndipo ine, chitsiru, ndinathokoza mpaka kugwada. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse masana ankabwera pamzere wathu, n'kukhala pa kampando kanga, ine pansi. Phunziro loyamba linali la kagwiridwe ka cholembera. Phunziro lachiwiri linali mbiri ya mayeso kuyambira nthawi ya atsamunda. Phunziro lachitatu linali la anthu amene iwo ankawadziwa amene anathamangira kulemba n'kulephera, ndi mmene moyo wawo unathera: wina anayamba kumwa kachasu, wina mkazi anamuthawa, wina amalankhula yekha pamsika. Ndikawafunsa funso lenileni, monga mmene tingapezere mtengo wa chilembo chosadziwika, ankatseka maso n'kunena kuti, "Musathamange. Nyumba sayambira kudenga." Ponyamuka ankathyola nthochi ziwiri paphava langa.

Nthawi yolembetsa itayandikira ndinawafunsa ngati ndipite ku Rufunsa.

"Chaka chino? Awe, alamu. Mukufuna kunyozetsa banja? Mukalephera anthu sadzanena kuti mwalephera inu. Adzati wophunzira wa ba loya walephera. Dikirani chaka cha mawa."

Ndinadikira. Ndipo apa ndi pamene ndiyenera kudzinyoza ndekha, chifukwa tsiku lotseka kulembetsa litadutsa, mtima wanga unakhala m'malo. Ndinapuma ngati munthu amene galu wam'dutsa osam'luma. Choipa kwambiri chinali chakuti nkhani inali itafala kuti ndikukonzekera zaunamwino, ndipo anthu anayamba kunditcha ba nesi. Amayi anzanga amene ndinkawaopa aja sanaseke n'komwe. Ankandibweretsera ana kuti ndiwaone totupa, ankandifunsa ngati mapiritsi akuti amamwa asanadye kapena atadya. Ine ndinkayankha molemera, ndikukwinya nkhope. Ndinasiya kubisa buku, ndinkaliika pamwamba pa saka kuti lionekere, koma kuliwerenga ndinachepetsa. Dzina ndinali nalo kale, laulere. Ndikanakavutikiranji ku mayeso kumene akanatha kundilanda?

Amene anandidzutsa ndi akazi a alamu. Tinakumana Loweruka lina m'mawa kumunsi kwa akasupe a madzi otentha, kumene timachapira madzi atazizirako pang'ono. Iwo ankachapa malaya oyera a amuna awo, akupukusa kolala mwamphamvu. Tinapatsana moni, kenako anati, osandiyang'ana:

"Ndamva kuti ndinu ba nesi manje."

Ndinaseka modzichepetsa. Iwo sanaseke.

"Kunyumba kwathu kuli thiranki," anatero. "M'menemo muli mafomu a mayeso a ba loya. A chaka chilichonse. Olembedwa bwinobwino, ndi chithunzi chomata. Ena chiswe chinadya. Palibe imene inatumizidwa, kupatula imodzi."

"Imodziyo?"

"Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wachitatu. Fomuyo ndinakaitumiza ndine, iwo osadziwa. Kalata yowaitana ku Lusaka itabwera analibe pothawira. Ndinawaphera nkhuku, ndinawasitira malaya, mudzi wonse unawaperekeza kumsewu. Madzulo anabwerera n'kunena kuti mayeso awaimitsa, adzalengeza tsiku lina." Anafinya malaya aja mpaka madzi onse kutha. "Patapita mwezi ndinakumana ndi mbale wanga amene amagulitsa pa siteshoni ya ku Chongwe. Anati, amuna ako ndinawaona tsiku lija, anatsika minibasi pano, anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tayi ili pakhosi. Ku Lusaka sanafikeko."

Ndinafunsa ngati anawafunsapo amuna awo.

"Ndiwafunsirenji? Ndili nawo ana." Anayanika malaya pa chitsamba. "Ine sukulu ndinalekera giredi 4, alamu, sindidziwa zimene zili m'mabuku anu. Koma loya mmodzi pabanja pano ndamudyetsa mokwanira. Nesi wa mtundu womwewo amuna anu sangamukwanitse."

Mawu amenewo anandiwotcha kuposa madzi a pa kasupe. Ndinabwerera kunyumba ndi zovala zina zosatsukuluza.

Kulembetsa kutatsegulidwanso sindinafunse munthu wa tayi aliyense. Ndinauza amuna anga okha. Iwo ndi munthu wofatsa, wokonza njinga pansi pa mtengo, amene anakula akuuzidwa kuti nzeru zonse za m'banja zinapita kwa akulu awo. Anasiya sipanala n'kundifunsa kuti, "Nanga mukalephera, amake ana?"

"Ndilephera basi."

Anaganiza pang'ono. "Chabwino. Masiku a mayeso ana ndidzawasambitsa ndine."

Ndinakwera minibasi kupita ku Rufunsa, ndinalembetsa masamu ndi sayansi, ndipo pobwerera ndinachita chinthu chimene ndinkachiopa kuposa zonse. Ndinaima pamzere wathu n'kuonetsa amayi anzanga kapepala kolembetsera. Ndinawauza masiku a mayeso ndi mwezi umene zotsatira zidzatuluke. Ndinawauzanso kuti aleke kunditcha ba nesi, chifukwa za mapiritsi zimene ndinkawauza zija ndinkangolota. Ndinachita dala. Ndinkadziwa mtima wanga, kuti ndikasiya kakhomo kotseguka ndidzatulukira pomwepo.

Alamu atamva anabwera akupuma mofulumira. Anati ndawanyoza, anati ndadumpha mphunzitsi, anati asamba m'manja. Anasambadi, ndipo nthochi zanga zinayamba kufika madzulo zili zonse.

Ndinalemba mayesowo m'kalasi ya ana a sukulu, mawondo akugunda desiki. Sayansi inandikomera mtima. Masamu ayi. Nditatsegula pepala ndinaona ngati alemba m'Chitchaina, ndipo mafunso atatu omaliza ndinangowayang'ana mpaka woyang'anira anati tiike zolembera pansi.

Zotsatira zinabwera pa foni, masana, ndili pamzere. Ndisanawerenge n'komwe, mnzanga wina anandilanda foni n'kuwerenga mokweza kuti onse amve. Sayansi ndinakhoza. Masamu ndinalephera, kulephera kwenikweni, kosafuna kutanthauzira.

Anaseka. Sindinganame kuti anandimvera chisoni. Wina anagwira pamimba, wina anati ba nesi abaya jekiseni pa fupa. Pasanathe ola alamu anatulukira, akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, nkhope ya pamaliro. Ndikukhulupirira kuti chibadwire sanasangalalepo ngati tsiku limenelo. Anaima pamene aliyense akanawamva.

"Pepani, alamu. Pepani kwambiri. Koma ndinanena. Ndinati simunapse. Mwaona manje? Ine zaka zonsezi anthu amandifunsa chifukwa chake sindithamanga. Chifukwa chake ndi chimenechi."

Nkhani ya benchi ya ku Chongwe inafika pamlomo penipeni. Ndikanangoitulutsa, tayi ija ikanawapotokola pomwepo. Koma ndinakumbukira amene anandiuza, ndi nyumba imene akanabwererako madzulo. Ndinaimeza.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Koma kulepheraku musakudandaule, n'kwanga. Ndinakakutenga ndekha ku Rufunsa."

Amayi awiri anaseka, ndipo ulendo uno sankaseka ine. Alamu anakonza tayi n'kubwerera ku golosale.

Chimene palibe anandiuzapo n'chakuti kulephera ndi kanthu kakang'ono. Ndinali nditakukuza m'mutu mwanga mpaka kukhala phiri. M'mawa mwake ndinadzuka, miyendo inalipo yonse iwiri, ana anafuna phala, basi ya ku Petauke inaima ndipo anthu anagula kandolo osafunsa kuti wogulitsa anapeza bwanji masamu. Sindinayambe kachasu, amuna anga sanathawe. Anzanga anandiseka masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Kenako lole ya shuga inagubuduzika pa kona, mudzi wonse unathamangirako ndi ndowa, ndipo nkhani yanga inafera pomwepo. Chaka chathunthu ndinachitaya poopa chinthu chimene chinagonja ndi shuga wotayika.

Chaka chotsatira ndinapeza mphunzitsi weniweni, mayi wachitsikana wophunzitsa masamu pa sekondale ya kufupi, amene ankagula nthochi kwa ine. Iye analibe mbiri ya atsamunda. Ankanditumizira mapepala a mayeso akale pa foni, ine n'kulemba m'kope, iye n'kudzadula ndi cholembera chofiira mopanda chifundo. Ndikati funso ili ndilisiye, ankati, "Amayi, lembani ngakhale zolakwika. Pepala loyera sindingalikonze." Ndinalakwitsa kambirimbiri pamaso pake mpaka kulakwitsa kunasiya kundiwawa. Ndinalembanso, ndipo ndinakhoza. Osati mochititsa kaso, koma mokwanira kuti koleji ina ya anamwino ku Lusaka indiitane ku mayeso olowera.

Tsiku la ulendowo ndinakana kuperekezedwa. Ndinakwera minibasi ya m'mawa, n'kukhala pafupi ndi zenera. Mpaka kudutsa mapiri ndinali bwino. Koma pamene nyumba za ku Chongwe zinayamba kuoneka, mantha anandibwerera. M'mutu munabwera zifukwa, zabwinobwino, zovala bwino: ana akhala ndi ndani zaka zitatu, atsikana a m'tauni amadziwa Chingelezi kuposa iwe, chaka cha mawa udzakhala utakonzekera bwino. Minibasi inaima, kondakitala anatsegula chitseko n'kukuwa kuti, "Otsika Chongwe!" Ndinaona benchi. Kaya inali yomweyo kaya ina, koma inali pamthunzi, ndipo inkaoneka yabwino kwambiri.

Pamenepo ndinawamvetsa alamu anga. Sindinawakhululukire, koma ndinawamvetsa, ndipo ndinachita mantha kuona kuti ine ndi iwo tinasiyana pang'ono chabe. Pambali panga panali mayi wina amene ankavutika ndi mwana ndi thumba la nkhuku.

"Amayi, bweretsani mwanayo ndikunyamulireni," ndinatero.

Anandipatsa mokondwa. Anali kamwana konenepa, kolemera ngati thumba la simenti, ndipo kanagona pachifuwa panga nthawi yomweyo. Ndinakagwira ndi manja onse awiri. Munthu sangatsike basi ndi mwana wa eni ake. Chitseko chinatsekedwa, tinanyamuka, ndipo ndinafika ku Lusaka bulauzi itanyowa dovu la mwana.

Pakoleji panali khamu. Ambiri anali atsikana amene ndikanatha kuwabereka, ena ataperekezedwa ndi makolo m'magalimoto. Mlonda wa pageti anandiloza kumene makolo ankadikirira, ndipo ndinachita kumuonetsa kalata kuti akhulupirire. Tinalemba masamu, sayansi ndi Chingelezi papepala limodzi. Mafunso ena sindinawadziwe, koma sindinasiye malo oyera ngakhale amodzi. Masana anatiitana mmodzimmodzi pamaso pa anthu atatu. Mayi wa imvi amene anakhala pakati anayang'ana chaka chimene ndinamaliza giredi 12, n'kundifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi.

Ndinali nditakonza yankho lokongola la ana ndi umphawi. Koma ndinangoti, "Ndinkaopa kulephera."

"Ndiye manje simukuopa?"

"Ndikuopabe. Koma ndinalepherapo kale, ndinaona kukula kwake."

Analemba kanthu osamwetulira.

Dzina langa silinatuluke pa mndandanda woyamba. Anandiika pa odikirira, ndipo alamu anafotokozera anthu a pa golosale kuti mndandanda wa odikirira ndi njira yaulemu imene makoleji amakanira anthu. Patapita masabata asanu foni inalira ndikukulunga kandolo wa kasitomala. Malo anali atapezeka.

Tsiku lonyamuka abale ndi amayi a pamzere anasonkhana m'mbali mwa msewu, ndi sutikesi yanga ndi matilesi okulunga. Tinapemphera mwachidule. Titangoti amen, alamu anakwera pa mwala, atavala jekete, n'kutulutsa mapepala atatu m'thumba. Palibe amene anawapempha. Anayamba m'Chingelezi, kwa anthu amene theka lawo Chingelezi sachimva. Anati mayi uyu anam'tola ali mbuli, anati maziko onse anamuikira ndi iwo, anati ngakhale kulephera kwake koyamba kunali mbali ya dongosolo lawo. Amuna anga ankayang'ana pansi, akukanda tayala la njinga ndi chikhadabo. Akazi awo anamvetsera tsamba loyamba, kenako ananyamula khasu limene anabwera nalo, anandigwira dzanja mwamphamvu kamodzi, n'kuwoloka msewu kupita kumunda.

Ali pakati pa tsamba lachiwiri minibasi inatulukira. Amuna anga anaiimitsa, kondakitala anaponya matilesi pamwamba, ndinapsompsona ana, n'kukwera. Alamu anakweza dzanja kuti dalaivala adikire, poti sanamalize. Dalaivalayo anali wa ku Nyimba, sankadziwa kuti pa Chinyunyu pali loya. Analiza hutala kawiri n'kuponda mafuta.